Munthu Amene Ankadikira Nyengo ya Katondo

Bambo anga ndi a Ran Shuanlao, ndipo ntchito yawo ndi yomata nkhokwe za madzi. Ku Chigwembe cha a Ran palibe banja limene silinamwepo madzi a m'dzenje lomata iwo. Dothi lathu lachikasu lija ndi chidakwa, ukalithira ndowa limamwa usanaweramuke n'komwe. Choncho dzenje losungira mvula ndi chipale chofewa, lokumba ngati mtsuko, kukamwa kung'ono mimba yaikulu, liyenera kumatidwa ndi katondo. Katondoyo amakamutapa kuphompho la kumunsi kwa mudzi, kumene malamba ofiira amadutsa m'dothi lachikasu, lina pamwamba pa linzake, ngati mnofu ndi mafuta m'nyama ya nkhumba.

Agogo anabereka ana anayi m'zaka za njala, onse n'kupita asanayambe kuyenda. Wachisanu anamutcha Shuanlao, ndiko kuti mangani zolimba. Anakula akutsika m'maenje pa chingwe pambuyo pa atate awo. Kumata nkhokwe si kuphoma khoma ayi. Umayamba waboola timaenje m'chipupa monse, n'kukhomeramo zisonga za katondo wokanda, kenako n'kumata pamwamba pake. Ukatero umayamba kumenya ndi nyundo yamtengo, tsiku ndi tsiku, mpaka chipupa chiwale ngati chipumi cha khanda. Ukalumpha masiku angapo katondo amang'aluka, ntchito yonse n'kupita pachabe. Kumenya kwa pansi pa nthakako kunawapha khutu lakumanzere, n'chifukwa chake amayankhula mokuwa. Alendo amaganiza kuti akukalipa, pamene akungofunsa ngati mwadya.

Amayi amati akwawo atabwera kudzaona banja la mkamwini sanafunse za munda kapena nkhosa. Anapempha kiyi, n'kutsegula zivundikiro za nkhokwe ziwiri, n'kuponyamo chingwe. Chingwe chinatuluka chonyowa, ukwati n'kutheka.

"Ine ndinakwatiwa ndi maenje awiri," amatero Amayi. "Mwamunayu anali basera."

Chaka chimene ndinalephera mayeso n'kubwerera kumudzi chinali chachitatu cha chilala. Tirigu anamera kutalika ngati chala, n'kuuma ali chiimire. Galimoto yamadzi ikabwera kuchokera kuboma, mpheta zinkaithamangira m'mbuyo, zina n'kumagwa pamsewu milomo ili yasa. Nkhokwe yathu imodzi inali gwa, inayo chingwe chinkanyowa kunsonga kokha. Madzi otsukira mbatatesi ndi omwenso tinkasukusulira, akatero n'kupita kwa bulu.

Apo m'pamene anthu a kuboma anabwera kudzanena kuti amene akufuna asamukire kumidzi yatsopano ya ku Mtsinje Wachikasu, kumene makina amakweza madzi n'kuwathira m'ngalande. Malole adzabwera tikakumba mbatatesi, ndipo mwini banja ndiye ayenera kudinda chala. Amayi ankafuna. Achimwene anga a Junwa ankafuna, chifukwa mtsikana amene anamutomera anali atapita kale ndi makolo ake, ndipo kumeneko anyamata sasowa. Ine ndinkafuna kuposa onsewo. Ndikanakwera ngakhale lole yonyamula nkhumba, bola ichoke m'chigwembe muja, mmene dzuwa limatuluka mochedwa n'kulowa mofulumira.

Bambo sanakane, sanavomere. "Tiona," ankangotero, n'kupitiriza kuwiritsa tiyi wawo wowawa m'kachitini.

Mphepo ya fumbi itayamba kuchepa kunabwera anthu atatu a kuyunivesite ya kumzinda, ndi zingwe, mafosholo aang'ono ndi timatumba tapulasitiki tosawerengeka. Wamkulu wawo anali mayi wamfupi wa magalasi, aphunzitsi a Pei, mphuno yosupuka ndi dzuwa. Ankafuna munthu wowadulira makwerero paphompho, ndipo mudzi wonse unaloza kwathu. Bambo ankapita m'mamawa n'kumabwera madzulo ali mbuu, akuseka anthu ophunzira amene amatola dothi ndi supuni n'kumalilemba manambala.

Tsiku lina sanabwere akuseka. Anabwera akuthamanga, chikhatho atafumbata.

"Mayi a Junwa! Taonani izi!"

"Musakuwe, ndili pompano. Mwatolanso chiyani? Mano a ndani amenewa?"

"Mano? Nkhono izi! Nkhono za m'katondo, mkati mwenimweni mwa phompho. Inu chibwerere kuno munaionapo nkhono?"

Zinali tizigoba toyera, tating'ono ngati njere za mawere. Anatiyala pabedi lathu la dothi mosamala, n'kukhala pansi osasasa n'komwe fumbi.

"Aphunzitsi aja andifotokozera zonse. Dothi lachikasuli ndi fumbi. Linabwera ndi mphepo nthawi imene dziko linazizira, kumpoto konse kuli madzi oundana otalika ngati mapiri, kuno kopanda mtengo, mphepo yokhayokha. Zikatha zimenezo kumafunda, mvula n'kubwera, udzu, mitengo, nkhono, ndipo fumbi la pamwamba limapsa n'kusanduka katondo. Kenako kuzizira. Kenako kufunda. Akuti malamba otere alipo opitirira makumi atatu. Ndawafunsa kuti kodi kunaphonyapo? Akuti ayi. Pambuyo pa chikasu, katondo! Moyo wanga wonse ndakhala ndikutapa mvula yakale ndi manja angawa osadziwa!"

"Ndiye?" anatero Amayi, akuomola phala.

"Mukufunsanso? Tsegulani chitseko muone kunjaku. Tili m'chikasu ife! Chotsatira n'chiyani?"

"Chotsatira ndi lole."

A Junwa anaseka mpaka kutsamwa. Bambo sanaseke. Anatolera tizigoba tawo m'kabokosi ka machesi, n'kunena kuti munthu amene wapirira chilala chonse sathawa mitambo ikuyandikira.

Kwathu aliyense amadziwa kuti zinthu zimasinthana. Munda ukabzala tirigu chaka chino, chamawa nandolo. Pambuyo pa zaka zowonda pamabwera chaka chimodzi chonona, ndipo amene anagulitsa mbewu chifukwa chotaya mtima ndi amene amalira kwambiri. Bambo anawerenga phompho lija ngati mmene amawerengera munda. Ndipo kunena zoona, madzulo amenewo ngakhale ine mtima unagunda pang'ono, poganiza za chigwembe chathu chili biriwiri, madzi akuyenda pansi pake.

Alendo aja atabwerera kumzinda, Bambo anayamba kukumba nkhokwe yatsopano kumunsi kwa bwalo lopunthira, yaikulu kuwirikiza zakale zija. Anthu ankagulitsa nkhosa, kuzula zitseko, kumanga katundu, iwo akutulutsa dothi ndi dengu. A Dou Baoshan, mnzawo wa kuubwana amene sadutsa munthu osamugenda ndi mawu, ankabwera tsiku lililonse kudzanjuta kukamwa kwa dzenje ndi fodya wawo.

"Iwe Shuanlao! Manda a mudzi wonse amenewa? Undisungire malo a kumphepete, sindifuna kugona pafupi ndi iwe, umakuwa."

"Choka apo, ukunditsekera kuwala ndi mutu wako ngati dzungu!"

"Akuti wawerenga phiri. Sukulu unathawa ndi buku la masamba khumi, lero wawerenga phiri lonse?"

"Seka lero. Mvula ikayamba udzabwera ndi chidebe kuchokera kumtsinje kwanuko, ndipo ndidzakuthirira m'chipewa."

"Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma zakozo n'zakufa, mnzanga, zilibe maso!"

Kukumba sikufuna madzi. Kukanda katondo ndiko kumafuna, ndipo kumafuna ambiri. Bambo anayamba ndi madzi a bulu, bulu n'kugulitsidwa. Kenako anasiya tiyi. Munthu amene chibadwire changa sindinamuonepo atayamba tsiku osawiritsa kachitini kake, anayamba kutenga gawo lake la madzi akumwa n'kukalithira pa katondo. Milomo inang'ambika mpaka kumatuluka magazi akamayankhula. Amayi sanawaletse, chifukwa madziwo anali gawo la Bambo. Koma gawo la munthu mmodzi silingakande katondo wa dzenje lalikulu chotero. M'mawa wina tinawaona akutuluka ndi ndowa ziwiri ndi chingwe.

Amayi anawadutsa pakhomo, n'kukakhala pa chivundikiro cha nkhokwe yakale imene inatsala ndi madzi, miyendo atatambasula, kiyi ali m'khosi.

"Mayi a Junwa, ndowa ziwiri zokha."

"Mundikande ineyo. Ndili ndi madzi ambiri kuposa dzenjeli."

"Ndikubwezerani kakhumi mvula ikabwera."

"Iti? Ya nkhono? Bambo a Junwa, ana anu akumwa matope. Mwana wanu wamwamuna akulandidwa mkazi uko, wamkaziyu akungozungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna kuikira, inu mukuthirira dothi!"

"Atate anga anamata nkhokwe imeneyo. Madzi ali m'menemo ndi a banja la Ran."

"Ndiye ine ndine wa banja liti? Zaka zonsezi ndakhala ndikusesera chiyani pabwalo pano kuti madzi alowe oyera?"

Bambo anaika ndowa pansi. Ndinaganiza kuti agonja. Koma anawerama, n'kuwanyamula Amayi ngati thumba la mawere, n'kukawakhazika pambali. Sanawamenye, Bambo sanamenyepo munthu. Amayi anavula okha chingwe cha kiyi n'kuchiponya m'fumbi. Kuyambira tsiku limenelo ankawaikira chakudya osawayang'ana, ndipo akafuna kuwauza kanthu ankadzera mwa ine. "Uwauze bambo ako mchere watha," Bambo ali pomwepo.

A Junwa anayamba kupita ndi njinga kumsewu waukulu kukadikira galimoto yamadzi, n'kumabwera ndi chigubu chimodzi, nthawi zina chopanda kanthu. Anasiya kuyankhula ndi Bambo. M'nyumba mwathu munali zii, kupatula kugunda kwa nyundo kumene kunkamveka pansi pa mapazi.

Mbatatesi zili pafupi kukumbidwa, aphunzitsi a Pei anabweranso kudzatola dothi la pamwamba penipeni pa phompho, limene anasiya ulendo woyamba. Bambo anasangalala ngati kwabwera m'bale. Anawaitanira chakudya kunyumba, ndipo anaitananso a Dou ndi amuna ena anayi amene ankawaseka kwambiri. Amayi anakanda ufa wa tirigu umene ankasungira Chaka Chatsopano, n'kuudula timizere titalititali ta alendo, poti ngakhale mutayambana bwanji mlendo sadya mbatatesi zokha. Ine ndinavala bulauzi ya kusukulu. Ndinali nditakonza funso la nzeru loti ndiwafunse aphunzitsiwo, koma mpata sunapezeke.

Tinayala tebulo pabwalo, patsogolo pa khomo la nyumba yathu yokumba m'chipupa cha phiri. Alendo asanafike n'komwe pakati pa mbale, Bambo anakhosomola.

"Aphunzitsi, pepani, pali anthu pano amene makutu awo onse awiri ndi amoyo koma samva. Tawauzani nokha. Pambuyo pa dothi lachikasu pamabwera chiyani?"

"Katondo," anatero aphunzitsi akumwetulira. "Bambo Ran ndi wophunzira wabwino kuposa ana anga a kukalasi."

"Kunaphonyapo?"

"M'phompho lanuli, ayi."

"Wamva, Baoshan? Wamva ndi dzungu lakolo?" Bambo anamenya tebulo, mbale n'kudumpha. "Tsopano aphunzitsi, tiuzeni poyera. Ayamba liti katondo wathu? Chaka chamawa? Chinacho? Ine ndakumba kale nkhokwe, ndikufuna ndidziwe ngati ndikumbe ina."

Aphunzitsi anaika pansi timitengo todyera. Anayang'ana Bambo, milomo yawo yong'ambika, kenako mulu wa dothi kumunsi kwa bwalo. Anayang'ana Amayi, amene anaima pakhomo la kukhitchini ndi chipande m'manja. Ndinaona khosi lawo likufiira kuposa mphuno ija.

"Bambo Ran, mwina tikambirane awiri tikatha kudya."

"Ayi, pompano. Awa ndi anthu a pamudzi, palibe chobisa."

Anaimirira, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuloza pamwamba pa khomo lathu, pamene chipupa chodulidwa chimathera m'mizu ya udzu. Pamenepo pali lamba lakuda, lokhuthala ngati mkono. Tonse timalidziwa, ndi dothi limene timalima.

"Lamba lakuda ilo ndi lathu," anatero motsitsa mawu. "Kuzizira kotsiriza kunatha kalekale, zaka zoposa zikwi khumi zapitazo. Nyengo yofunda ndi ino. Tili kale m'kati mwake."

"Bwerezani, aphunzitsi, mwayankhulira kukhutu lakufa."

Anabwereza, ndipo poti Bambo anali atatchera khutu ndi dzanja, anabwereza mokweza, mpaka akazi amene ankasuzumira pampanda anamva.

"Koma silofiira," anatero Bambo.

"Likadali laling'ono. Likadzakwiriridwa n'kukalamba, mwina lidzafiirira ngati anzake."

"Nanga fumbi lonseli? Chilalachi?"

"Chilala cha zaka zitatu paphompho sichioneka n'komwe, n'chochepa kuposa tsitsi. Lamba limodzi lachikasu ndi zaka zikwi makumimakumi. Mvula ikhoza kugwa bwino chaka chamawa, kapena ayi. Zimenezo phompho silinganene. Ndikanadziwa kuti mukumva choncho, ndikanafotokoza bwino tsiku lija. Kulakwa n'kwanga."

Bambo sanamve za kulakwazo. Maso anali pa lamba lakuda.

"Ndiye kuti njala imene inatenga abale anga anayi inali ya m'nyengo yabwino?"

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Bambo anapitiriza.

"Uku ndiye kukhuta kwake kwa dziko lino? Nanga chotsatira?"

"Zikayenda monga kale, kuzizira ndi fumbi. Koma si ife tidzazione, ngakhale adzukulu a adzukulu athu."

A Dou anali atabwera kudzaseka, ndipo mpata unali umenewu. Anangoyang'ana m'mbale mwawo. Patapita nthawi anati, "Idyani anthuni, mayi a Junwa ataya ufa wawo wabwino. Shuanlao, ndipatsire viniga." Bambo anawapatsira tsabola.

M'mawa mwake anavala jekete ya maliro ndi maukwati, n'kupita wapansi kuboma. Anabwera chala chachikulu chili psuu ndi inki. Anachionetsa kwa Amayi. Amayi analira, n'kuwawiritsira tiyi m'kachitini, ndipo anawapatsa okha m'manja osadzera mwa ine. Masiku amenewo anali abwino. A Junwa ankaimba mluzu akumanga makasu. Ine ndinatsanzika aliyense, ngakhale amene sindinkayankhula nawo.

Koma nyundo sinaleke. Katondo anali atamatidwa kale chipupa chonse, ndipo Bambo ankatsikabe m'mamawa uliwonse.

"Mukumenyeranji dzenje limene tikulisiya?" anafunsa Amayi.

"Ndikaleka ling'aluka."

"Ling'aluke! Adzamwamo ndani, nkhandwe?"

"Madzi a ana anga analowa m'katondo ameneyo. Ndiwataye kawiri?"

Tsiku loti mawa malole abwera, pa chakudya chamasana, Bambo ananena kuti iwo ayamba atsalira kwa kanthawi. Katondo akufunika kumenyedwabe mpaka aume, akamaliza atitsatira pa basi. Dzina lawo lilipo kale, malo athu sangalandidwe. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kumasula katundu amene anali atamanga kale. Anatulutsa kapoto kakang'ono, chofunda chathonje chokhuthala kwambiri, mtsuko wa ndiwo zoviika mumchere. Anauza a Junwa kuti chitseko asazule.

Bambo ndiwo anakweza katundu wathu yense palole, n'kumanga zingwe, n'kuzikokanso kawiri. A Dou ali pamwamba pa matumba awo anakuwa kuti, "Kwera, chitsiru iwe! Kumeneko ndikatukwana ndani?" Bambo anakweza dzanja. Lole isanakhote n'komwe anali atatembenuka kale kulowera kubwalo lopunthira.

Kumudzi watsopano nyumba ndi za njerwa, zoimikidwa m'mizere ngati asilikali, ndipo mphepo imalowa paliponse. Koma madzi alipo. Tsiku loyamba Amayi anakhala m'mphepete mwa ngalande mpaka dzuwa kupendeka, akungoyang'ana madzi akudutsa opanda mwini. A Junwa anakwatira mwezi wotsatira. Tinatumiza uthenga kwa Bambo, ndipo yankho linabwera ndi woyendetsa thirakitala, loti katondo sanaume, ukwati upitirire. Mpando wa bambo wa mkwati anakhalapo malume. Ine ndinapeza ntchito yosankha mbewu kusitolo ya alimi, ndipo ndinazindikira kuti mudzi wa m'chigwa chathyathyathya umatopetsa chimodzimodzi ndi wa m'chigwembe, kungoti umaona patali.

Chaka Chatsopano chitayandikira Amayi anati banja silidya chakudya cha chaka mwini nyumba ali kwina. A Junwa sakanachoka kuuvuni wa njerwa kumene ankagwira ntchito, choncho anatuma ine. "Usabwere wekha," anatero, akundikulungira buledi wophika panthunzi.

Ndinatsika basi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi. Chipale chofewa chinali chitagwa pang'ono, chongokwanira kuyeretsa mbali ya mthunzi ya zitunda. Mudzi wathu sindinauzindikire. Nyumba zopanda zitseko ndi mawindo zinali yasa m'chipupa cha phiri, ndipo utsi unkatuluka m'nyumba zitatu zokha, ziwiri za nkhalamba zimene zinakana kukafera kwa eni. Bambo ndinawapeza pamunda wa a Dou, akukokolola chipale ndi fosholo n'kumathira m'madengu awiri. Anali atawonda, ndevu zayera, koma milomo inali itapola.

"Lanwa! Wabwera ndi ndani? Wadya?" Mawu awo anamveka chigwembe chonse.

Anandisenzetsa fosholo, iwo n'kunyamula madengu pa mtengo wa paphewa. Tinafika pankhokwe yatsopano. Anali ataiikira chivundikiro chosema bwino, chopanda loko. Anakhuthuliramo chipale, kenako anatola kamwala n'kundipatsa.

"Ponya."

Ndinaponya. Patapita kanthawi panamveka kuti chubwi.

"Wamva? Ndakokolola minda ya mudzi wonse, palibe wondiletsa. Ndinaika chizindikiro pachipupa mwezi watha. Madzi sanatsike ngakhale chikhadabo. Sindinamatepo ina yotere, ngakhale agogo ako sanamatepo."

"Ndiye mwamaliza, Bambo. Amayi akuti tipitire limodzi."

"Tiye kunyumba, wazizidwa."

Anakoleza moto pansi pa bedi lathu la dothi kuti lifunde, n'kuwiritsa tiyi m'zitini ziwiri, china cha ine, ngati ndine mlendo wamkulu. Anafunsa za ukwati, ndani analedzera, mkwatibwi amadziwa kukanda ufa kapena ayi. Anafunsa ngati ngalande za kumeneko n'zomata ndi simenti, ndipo nditavomera anapukusa mutu n'kunena kuti simenti imang'aluka ndi chisanu. Ndinadikira mpaka mafunso awathere.

"Bambo, aphunzitsi aja ananena momveka. Palibe chimene chikubwera."

"Ndinamva. Kachiwiri kaja ananenera kukhutu lamoyo."

"Nanga mukudikira chiyani kuno?"

"Sindikudikira kanthu." Anatembenuza kachitini pamakala. "Agogo ako ankati dziko lino likudwala, lidzachira. Inenso ndinkatero. Tonse tinkalitukwana ngati mwana waulesi. Kani lakhala likutipatsa zonse zimene lili nazo, ndipo zake n'zomwezi." Anaphula kachitini pamoto. "Sindikudziwa, Lanwa. Ndikaganiza zokwera basi, miyendo imakana. Kumeneko ndikachite chiyani, ndikamate madzi oyenda?"

"Mukakhale ndi ife! Amayi akutsokomola usiku wonse, a Junwa akuyembekezera mwana, ine..." Ndinayamba kulira, zimene ndinalumbira m'basi kuti sindichita. Ndinawauza kuti anthu akutiseka, kuti Amayi amatchedwa mkazi wamasiye wa mwamuna wamoyo, kuti dzenje silidzawaika m'manda. Ndinanena zambiri, zina zosayenera mwana kunena kwa bambo ake. Anamvetsera zonse atatembenuzira kwa ine khutu labwino.

"Chifuwa cha amayi akocho ndi mphepo ya m'nyumba za njerwa," anatero pomaliza. "Uwauze aziwiritsa zipatso ndi shuga."

Kutacha anandidzazira thumba la mbatatesi, zazikulu zokhazokha, n'kulisenza okha mpaka kumsewu waukulu. Basi itaima ndinagwira dzanja la jekete yawo, ndipo kondakitala anati, "Akulu, mukukwera kapena mukuperekeza?" Bambo anakweza thumba, n'kumasula zala zanga chimodzichimodzi, mofatsa.

"Chipale chikasungunuka madzi a minda yonse atsikira m'nkhokwe. Pafunika munthu wotsegula ngalande. Zikatha zimenezo tiona."

Ndinafika kumudzi watsopano dzuwa likulowa. Amayi anali pamsewu, atafunda mpango, m'manja muli ufa. Anayang'ana ine, kenako chitseko cha basi, mpaka chinatsekeka. Anandilandira thumba, ndipo tinayenda pakati pa mizere ya nyumba, mapepala ofiira a chaka chatsopano akupepeluka pamakomo a anthu. Titafika pakhomo pathu anaika thumba pansi.

"Akudya?"

"Akudya."

"Nkhokwe ija ikusunga madzi?"

"Ikusunga, Amayi. Akuti madzi sanatsike ngakhale chikhadabo."

Amayi anapukuta manja pa epuloni, pang'onopang'ono, chala chilichonse.

"Ndiye sabwera," anatero. "Lowa, uchotse mbale imodzi patebulo."